Mafiti, Mamita ndi Sikelo: Kumasulira Miyeso ya Thupi la Munthu

Mawu oyamba

Munthu wokhala ku Kasungu amagwiritsa ntchito miyeso ya mitundu iwiri tsiku lililonse, ngakhale kuti mwiniwake sazindikira. Munda wake amawerengera maekala, koma feteleza amagula wa m'matumba a makilogalamu 50. Malata a nyumba amaitanitsa a mafiti 10 kapena 12 pamodzi ndi misomali ya mainchesi anayi, koma belo la fodya likafika ku okushoni ya Chinkhoma limayezedwa m'makilogalamu. Miyeso ya mafiti, mainchesi, mayadi ndi mapaundi tinaitengera kwa Angelezi m'nthawi ya atsamunda, pamene ya mamita ndi makilogalamu inayambira ku France cha m'ma 1790 ndipo ndi imene timaphunzira kusukulu ndi kuipeza kuchipatala.

Pa malata ndi misomali, kulakwitsa kumangotayitsa ndalama. Koma pa thupi la munthu, kulakwitsa kungachititse kuti wina adziyese wathanzi pamene akufunika uphungu wa achipatala. M'nkhani ino tiona momwe tingasinthire msinkhu wa munthu kuchoka m'mafiti kupita m'mamita, momwe msinkhuwo umatithandizira kudziwa kulemera koyenera, komanso malire a njira imeneyi.

Kuchoka ku mafiti kupita ku mamita

Pali manambala atatu ofunika kuwasunga pamtima. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Fiti imodzi ili ndi mainchesi 12, choncho ndi masentimita 30.48. Mita imodzi ili ndi masentimita 100. Nambala ya 2.54 si yongoyerekeza ayi. Maiko olankhula Chingelezi anagwirizana mu 1959 kuti inchi ikhale yotalika chomwechi ndendende.

Tiyerekeze kuti munthu ndi wotalika mafiti 5 ndi mainchesi 7. Choyamba, tisandutse mafitiwo kukhala mainchesi powachulukitsa ndi 12. Tipeza 60. Chachiwiri, tiphatikize mainchesi 7 otsala aja. Tipeza 67. Chachitatu, tichulukitse 67 ndi 2.54. Yankho ndi masentimita 170.18. Tikagawa ndi 100 tipeza kuti msinkhu wake ndi mamita 1.70.

Pobwerera m'mbuyo timatsata njira yomweyo mozondotsa. Ngati m'buku la kuchipatala mwalembedwa masentimita 160, tigawe ndi 2.54 ndipo tipeza pafupifupi mainchesi 63. Mu 63 muli ma 12 asanu ndipo patsala 3. Munthuyo ndi wa mafiti 5 ndi mainchesi 3.

Kulemera nakonso kumasinthidwa mosavuta. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi pafupifupi 2.2. Wachibale wokhala ku America akanena kuti akulemera mapaundi 160, tigawe ndi 2.2 ndipo tipeza makilogalamu pafupifupi 73.

Vuto la kadontho

Cholakwika chimene ambiri timachita chili pa kalembedwe. Tikamva kuti "mafiti 5 ndi mainchesi 7" dzanja limathamangira kulemba 5.7, kenaka n'kuchulukitsa ndi 30.48. Yankho limatuluka masentimita 173.7, kutanthauza kuti tamuonjezera munthu masentimita atatu ndi theka amene alibe. Chifukwa chake n'chakuti kadontho kamagawa chinthu m'zigawo khumi, pamene fiti imagawidwa m'zigawo 12. Nambala 7 ya kuseri kwa kadontho ndi 7 ya mainchesi zimafanana pamaso, koma sizinena chinthu chimodzi. Ophunzira za zilankhulo timalidziwa vutoli: mawu awiri akhoza kumveka mofanana m'zilankhulo ziwiri koma matanthauzo ake n'kukhala osiyana, ndipo womasulira wopupuluma ndi amene amakodwa.

Ine ndinakodwapo. Pa tchuthi china ndinapita kwa atsibweni anga, mlimi wa fodya wa bale kufupi ndi Chamama. Anali atangochokera kuchipatala kumene anawayeza n'kuwapeza kuti akulemera makilogalamu 73, ndipo anawalangiza kuti achepetse mchere ndi zakudya zamafuta chifukwa magazi awo akuthamanga. Uphunguwo sunawasangalatse.

"Mphwanga, iwe ndiwe wa sukulu," anatero. "Ine ndine wa mafiti 5 ndi mainchesi 7 kuyambira ndili mnyamata. Tawerengera tione ngati ndanenepadi."

Ndinatenga foni, n'kulemba 5.7, ndipo ndinawauza mokondwa kuti thupi lawo lili bwinobwino. Madzulo ake, nditabwerezanso papepala, ndinaona kuti ndawanamiza. Kuti timvetse kukula kwa bodza langalo, tiyenera kudziwa kaye kawerengedwe kamene achipatala amagwiritsa ntchito.

Msinkhu ndi kulemera

Sikelo payokha siinena zambiri. Makilogalamu 73 ndi ochuluka kwa munthu wamfupi, koma ndi oyenera kwa munthu wamtali. N'chifukwa chake achipatala amayerekeza kulemera ndi msinkhu pogwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Body Mass Index, kapena mwachidule BMI. Anayambitsa kawerengedweka ndi katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, cha m'ma 1830, ndipo dzina lakuti BMI linadziwika kudzera mwa Ancel Keys wa ku America mu 1972.

Timachulukitsa msinkhu wa m'mamita ndi msinkhu womwewo, kenaka timagawa makilogalamu a munthuyo ndi yankho limene tapeza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limagawa mayankho a anthu akuluakulu motere: wosafika 18.5 ndi woonda mopitirira. Wa pakati pa 18.5 ndi 24.9 ali pa mlingo woyenera. Wa pakati pa 25 ndi 29.9 wapitirira mlingo. Ndipo wa 30 kapena kuposerapo ndi wonenepa kwambiri.

Tibwerere kwa atsibweni aja. Ndi msinkhu wolakwika wa mamita 1.74, yankho linali 24.1, ndiye kuti mlingo woyenera. Ndi msinkhu wolondola wa mamita 1.70, tichulukitsa 1.70 ndi 1.70 n'kupeza 2.89, ndipo 73 kugawa ndi 2.89 ndi 25.3, ndiye kuti apitirira mlingo. Kadontho kamodzi kanawachotsa m'gulu lina n'kuwaika m'gulu lina.

M'mawa mwake ndinawaimiritsa pakhoma opanda nsapato, n'kuika buku pamutu pawo, n'kuchonga ndi khala. Titayeza ndi tepi imene amagwiritsa ntchito pomanga zigafa, tinapeza masentimita 168. Msinkhu umene ankaudziwa unali wa paunyamata, ndipo munthu akamakalamba amafupikirako pang'ono. BMI yawo yeniyeni inali 25.9. Apa ndinaphunzira kuti msinkhu sitimaukumbukira, timauyeza.

Pofuna kupeputsa ntchito, nawu mndandanda wa kulemera koyenera kwa munthu wamkulu malinga ndi msinkhu wake. Manambalawa ndi ofupikitsidwa.

Mafiti 5 (masentimita 152): makilogalamu 43 mpaka 58
Mafiti 5 ndi mainchesi 2 (masentimita 157): makilogalamu 46 mpaka 62
Mafiti 5 ndi mainchesi 4 (masentimita 163): makilogalamu 49 mpaka 66
Mafiti 5 ndi mainchesi 6 (masentimita 168): makilogalamu 52 mpaka 70
Mafiti 5 ndi mainchesi 8 (masentimita 173): makilogalamu 55 mpaka 74
Mafiti 5 ndi mainchesi 10 (masentimita 178): makilogalamu 58 mpaka 79
Mafiti 6 (masentimita 183): makilogalamu 62 mpaka 83

Amene msinkhu wake sukupezeka pamndandandawu achulukitse msinkhu wake wa m'mamita ndi womwewo, kenaka achulukitse yankholo ndi 18.5 kuti apeze malire a m'munsi, ndiponso ndi 24.9 kuti apeze a pamwamba.

Zimene mawu athu amanena za thupi

Atsibweni sanakane manambala chifukwa chosadziwa masamu. Anawakana chifukwa cha zimene mawu akuti "kunenepa" amatanthauza kwathu. Tikakumana ndi munthu patapita nthawi n'kumuuza kuti "Mwanenepatu!" timakhala tikumuyamikira, ndipo iye amayankha ndi kumwetulira. Mwana wa masaya timamutcha wathanzi. Mwamuna akanenepa atakwatira timati mkazi wake akumusamala.

Maganizowa ali ndi gwero lake. Kasungu linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri ndi njala ya 2001 mpaka 2002, imene inachititsa Pulezidenti Bakili Muluzi kulengeza mu February 2002 kuti dziko lili pa ngozi. William Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma lomweli, anafotokoza za njalayi m'buku la mbiri ya moyo wake limene linatuluka mu 2009. M'zaka zomwezo matenda a Edzi anali akutenga anthu ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanafalikire, ndipo munthu woonda ankalozedwa zala kuti ali ndi kaliwondewonde. Amene anaona zimenezi ndi maso awo sangamve msanga kuti thupi lalikulu lingakhalenso vuto.

Komabe mavuto onse awiri alipo pakati pathu. Kafukufuku wa za umoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu anali opinimbira, pamene amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali opitirira mlingo kapena onenepa kwambiri. M'mudzi umodzi mukhoza kupezeka mwana wonyentchera ndi kholo lodwala shuga. Kunenepa kwambiri kumaonjezera chiopsezo cha shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima, pamene kuonda mopitirira kumafooketsa thupi ndipo nthawi zina kumakhala chizindikiro cha matenda monga chifuwa chachikulu.

Kwa mlimi palinso nkhani ya nyengo. M'miyezi ya January ndi February ntchito ya kumunda imachuluka pamene nkhokwe zatha, ndipo thupi limatsika. Akakolola ndi kugulitsa fodya, chakudya chimachuluka ndipo thupi limabwerera. Choncho kudziyeza kamodzi sikokwanira. Ndi bwino kulemba tsiku ndi makilogalamu nthawi iliyonse imene takwera sikelo, kuti tione kumene thupi likulowera.

Malire a BMI

Muyesowu ndi wothandiza, koma suona zonse. Susiyanitsa mafuta ndi minofu, kotero mnyamata wa dzitho wonyamula mabelo akhoza kupitirira 25 popanda vuto lililonse. Sugwira ntchito kwa mayi woyembekezera, ngakhalenso kwa munthu amene watupa miyendo chifukwa cha matenda, poti madzi a m'thupi nawo amalemera.

Magulu a WHO amene tatchula aja si a ana. Kusikelo, alangizi a zaumoyo amayeza kulemera ndi msinkhu wa mwana n'kuyerekeza ndi tchati cha zaka zake. Amayezanso mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 ndi kalamba ka mitundu itatu. Mkono ukachepera masentimita 11.5 umagwera pofiira, ndipo mwanayo amafunika chithandizo msanga, monga chiponde cha kuchipatala. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 pali mtundu wachikasu umene umachenjeza. Apa sentimita imodzi yokha imasiyanitsa mwana amene ali pa ngozi yaikulu ndi amene akungofunika kumuyang'anira, ndiye kuti kuwerenga tepi mbali ya mainchesi m'malo mwa masentimita si cholakwa chochepa.

Palinso njira ina ya anthu akuluakulu imene siifuna mafiti kapena mamita. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo muchizunguze pamimba, chakumtunda pang'ono kwa mchombo. Nsonga zake zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Bungwe la zaumoyo la ku Britain lotchedwa NICE linalangiza mu 2022 kuti kuzungulira kwa mimba kusafike theka la msinkhu wa munthu. Makolo athu, amene ankayeza nsalu ndi mkono ndi mkwamba, sakanavutika nayo njira imeneyi.

Mawu otsiriza

Taona kuti posintha msinkhu timayamba tasandutsa zonse kukhala mainchesi tisanachulukitse ndi 2.54, kuti 5.7 si chimodzimodzi ndi mafiti 5 ndi mainchesi 7, ndiponso kuti BMI imangotilozera njira koma siilowa m'malo mwa dokotala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo manambala nawo amafuna kudekha komweko.

Atsibweni nditawaonetsa kuti malire a msinkhu wawo ndi makilogalamu 70, anaseka n'kunena kuti makilogalamu atatu ndi ochepa, sangadzaze ndi ndowa yomwe. Ndinawayankha kuti, "Zoonadi atsibweni, koma pa belo la fodya simungalole kuti sikelo ikubereni atatu omwewo." Sanayankhe kanthu. Tsiku limene ndinkabwerera kusukulu ndinaona buku lawo la kuchipatala lili patebulo, ndipo pachikuto anali atalembapo ndi pensulo kuti 168.