Nkhanambo za m'mutu mwa khanda

Khanda lanu langotha milungu itatu kapena inayi. Mwalivula kachipewa kuti lisambe, ndiye mukuona nkhanambo zachikasu kapena zotuwa zitamatirira pamutu, zamafutamafuta mukazikhudza. Apongozi akuti mwana sakusambitsidwa mokwanira, anzanu a pachitsime akuti ndi chipere. Khazikani mtima pansi, mayi. Zimenezi zimachitikira makanda ambiri asanakwanitse miyezi 3, ndipo achipatala amazitcha cradle cap pa Chingerezi. Nthawi zina zimaonekanso m'nsidze, kuseri kwa makutu ndi m'khosi.

Si uve, si tsempho, ndiponso sizipatsirana. Madokotala amaganiza kuti mahomoni a mayi, amene mwana amabadwa nawo, amachititsa khungu la m'mutu kutulutsa mafuta ochuluka, choncho khungu lakale limene likanayoyoka lokha limamatirira n'kuunjikana. Yisiti wotchedwa Malassezia, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense, nayenso amathandizira. Mwana samva kuwawa ndipo kawirikawiri sizimuyabwa: akuyamwa, akugona, ovutika mtima ndi makolo. Mwa ana ambiri zimatha zokha pakati pa miyezi 6 ndi 12.

Musaope liwombo

Nkhanambo zimakonda kuchindikala paliwombo, chifukwa ambiri timapalambalala posambitsa mwana, kuopa kuti tingamuvulaze. Pansi pa khungu la pamenepo pali chikopa cholimba chotchinjiriza ubongo, ndipo dzanja losambitsa mofatsa silingachiboole. Pasambitseni ngati malo ena onse. Chimene chimaononga ndi kumatapo zinthu: mankhwala azitsamba, phulusa, mwaye kapena mafuta osakaniza. Zotere zimatsekera litsiro pakhungu, zingayambitse zilonda, komanso zimabisa liwombo limene inu ndi anamwino muyenera kumaliona. Liwombo likalowa mkati, makamaka mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi akutha m'thupi. Pitirizani kuyamwitsa, nyamukani ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Kasamalidwe ka pakhomo

Pakani Vaseline pang'ono pa nkhanambozo, wopanda fungo lonunkhiritsa, kapena mafuta a kokonati ngati alipo. Zisiyeni zifewe kwa ola limodzi kapena kuposerapo; zokhuthala kwambiri zigone nawo mafutawo mpaka m'mawa. Kenaka sambitsani mutuwo ndi madzi ofunda ndi sopo wa ana, mukusisita pang'onopang'ono ndi kansalu koyera kapena burashi yofewa. Tsukuluzani bwino, pakuti mafuta otsala amawonjezera nkhanambo, ndipo pukutani mutu uume musanamuveke chipewa. Zimene zakana kuchoka lero zisiyeni, mudzabwereza mawa. Tsitsi lina likachokera kumodzi musadandaule, limeranso.

Zala zimayabwa, tikudziwa. Mwana akagona pamiyendo, agogo kapena mchemwali wake amafuna kutong'ola ndi chikhadabo kapena chipeso. Akanizeni mwaulemu. Khungu la khanda ndi lanthete, likakandika majeremusi amapeza polowera, ndipo nkhanambo zosavulaza zija zimasanduka chilonda cha mafinya. Kumeta ndi lezala nakonso ndi chimodzimodzi.

Sopo wochapira zovala ndi shampu ya mfundu ya akuluakulu ndi zaukali kwa khanda. Mafuta a mtedza musapake, ana ena thupi lawo limadana ndi mtedza. Mafuta a m'machubu ogula pamsika, makamaka oyeretsa khungu, ambiri ali ndi mankhwala amphamvu amene amalowa mosavuta m'thupi la mwana.

Palibe njira yotsimikizika yoletsa nkhanambozi kubwera. Koma zikatha, kusambitsa mutu kawirikawiri ndi kuupesa ndi burashi yofewa kumathandiza kuti zisaunjikanenso. Kukatentha, mutu wa mwana upitidweko mphepo, usamangokhala m'chipewa chaubweya tsiku lonse.

Nthawi yopita kuchipatala

Musadikire tsiku la sikelo ngati pamutupo patupa, pakutuluka magazi, madzi kapena mafinya, kapena pakununkha. Chimodzimodzinso ngati nkhanambozo zafalikira thupi lonse. Kapenanso ngati mwana akudzikanda n'kumalira, akukana bere kapena sakukwera sikelo. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi, pitani nalo msanga ngakhale usiku. Malo ozungulira othothoka tsitsi, pamene ana ena m'nyumbamo ali nawonso, akhoza kukhala chipere, ndipo icho chimapatsirana n'kufuna mankhwala akeake.

Ngati mwana ali bwinobwino koma nkhanambo sizikusintha patatha milungu ingapo mukusamalira, aonetseni alangizi a zaumoyo kapena anamwino mukapita kukabayitsa katemera wa pa milungu 6, 10 kapena 14. Achipatala akhoza kulemba mankhwala opaka monga ketoconazole kapena hydrocortisone. Pakani kwa masiku okhawo amene akuuzani, ndipo otsala musagawire mnzanu.