Phunziro: Cimbudzi ca Madzi ndi Citsime ca Mnansi

Werengani Deuteronomo 23:12-14.

Ena adabwa akapeza kuti cilamulo ca Mose cinenanso za kupita kuthengo. Aisrayeli anauzidwa kupatula malo kutali ndi misasa yao, ndi kuti munthu ali yense anyamule cokumbira, kuti akatha afotsere. Cifukwa cace cinali cakuti Mulungu anali pakati pao.

Masiku ano ana athu obwera ku Lusaka ndi ku Migodi alikumanga kumudzi nyumba za njerwa zokhala ndi cimbudzi ca madzi m'kati. Nkwabwino ndithu. Koma kumudzi kulibe mipope ya boma yocotsa zonyansa, cotero mwini nyumba ayenera kumanga thanki pansi, imene amisiri aicha septic tank.

Thankiyo imangidwa ndi njerwa ndi simenti, yosadontha, ya zipinda ziwiri, coyamba cacikuru kawiri kuposa cinzace. Zolemera zimira pansi, mafuta ayandama pamwamba, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso tidya zina pang'ono pang'ono. Oturuka ndi madzi a pakati. Apa ndipo ambiri asocera. Aona madziwo atayerako, nayesa kuti zoipa zatha. Iai, abale, kolera ndi kamwazi zikali momwemo. Thanki ingolekanitsa, cosefa ceni ceni ndi dothi. Cifukwa cace madzi aja alowe m'dzenje lina lodzala ndi miyala, kuti nthaka iwamwe mosafulumira.

Tsono musanaumbe njerwa, yesani dothi lanu. Kumbani kadzenje, muthiremo madzi. Akagona momwemo kufikira m'mawa, monga acita m'makande a kudambo, malowo sayenera. Akazimirira pomwepo, monga pa mwala wa ming'alu, naponso mpoopsya, pakuti athamangira ku citsime osasefedwa. Ndilo bvuto la Kanyama ku Lusaka, kumene zimbudzi ndi zitsime zosazama zakumbidwa pa mwala umodzi wotere. Kolera amene anabuka mu October 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ndipo mu January 2024 odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes.

Dzenje la miyala likhale kumunsi kwa citsime, mamita 30 kapena kuposa. Musayese kucokera ku citsime canu cokha. Yesaninso kucokera ku ca mnansi wanu, ngakhale uja munakangana naye za malire a munda, pakuti madzi a pansi sadziwa malire amene mfumu inaika, ndipo amene adzamwa ndi ana ace. Nthawi yoona malo ndi dzinja, makamaka February, pamene madzi a pansi akwera. M'cirimwe malo onse aoneka abwino.

Ndinenenso mosabisa: ngati amai a pakhomo panu atunga madzi ndi mutu, thanki siyanu. Ifuna madzi ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo mudzawathyola khosi cabe. Cimbudzi cokumba, ca denga ndi cobvundikira pa bowo, cidzakutumikirani bwino koposa.

Thanki idzala matope, ndipo pakapita zaka 3 kufikira 5 iyenera kupopedwa. Munthu asalowemo konse, ngakhale kukaturutsa mnzace wagwamo, pakuti mpweya wace ukomola asanapfuule. Citseko cace cikhale colemera, cakuti mwana sangathe kucisuntha.