Mpando wa Galimoto Umene Utentha ndi Magetsi

Awerengi athu a ku Machinga ndi ku Balaka aona okha kuti galimoto zachuluka masiku ano. Kale munthu wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe akamva kulira kwa injini anali kudziwa kuti ndi basi kapena lole ya Boma. Lero aphunzitsi, alimi a mpunga ndi anyamata a malonda ali nazo zaozao. Zambiri mwa galimoto zimenezi zinayamba zagwira nchito ku Japan. Zifika pa sitima ya pamadzi ku Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe, ndipo zitiyenera bwino popeza a ku Japan ayenda kumanzere kwa mseu monga ife. Koma zina, monga Nissan X-Trail ndi Subaru Forester, zibwera ndi chipangizo chimene anachikonzera dziko lozizira, ndicho mpando umene utentha ndi magetsi. Mwezi uno tiphunzira za mpando umenewu ndi kafufuzidwe kake ukaonongeka.

Ku America a Cadillac anayamba kugulitsa mipando yotere m'chaka cha 1966, ndipo a Saab a ku Sweden anaiika m'galimoto zao kuyambira 1972. Kumeneko, ngakhalenso ku Hokkaido kumpoto kwa Japan, madzi amaundana ndi chisanu, chotero mpando wofunda ndi chinthu chokoma. Koma nanga ku Liwonde m'mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale nkhuku ziyenda zitayasama kukamwa? Mwana akakhudza swichi mosadziwa, dalaivala amva moto m'chiuno, naganiza kuti malungo amugwira; wina ayamba kuganizira anansi ake zoipa. Musanathamangire kwa sing'anga yang'anani pakati pa mipando iwiri ya kutsogolo, kapena pansi pa wailesi. Mukaona kabatani kojambulidwa mpando ndi timizere titatu tokhota, kapena kolembedwa HI ndi LO, ndi kameneko. Kazimitseni.

Tsono tione m'mene mpando utenthera. Pansi pa nsalu ya mpando, pamwamba pa siponji, pali kansalu kena kopyapyala kamene anasokereramo waya wochepa ngati ulusi, wokhotakhota. Magetsi akamadutsa movutikira mu waya wotere, wayayo afunda, monga ichitira mbaula ya magetsi. Magetsiwo achokera ku batire, nadzera pa fyuzi, pa swichi, ndipo m'galimoto zambiri adzeranso pa kabokosi kotchedwa relay. Akatero afika pa pulagi iri pansi pa mpando ndi kulowa mu waya uja. M'katimo mulinso kachipangizo koyesa kutentha, kamene kadula magetsi mpando ukafunda mokwanira. Potsiriza magetsi abwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, chimene amakaniko achitcha ethi. Njira imeneyi ikaduka pamalo amodzi okha, ngakhale pobwerera pomwe, mpando sufunda.

Mlimi wa ku sikimu ya mpunga ya Domasi akaona kuti madzi sakufika m'munda mwake sayamba kukumba munda wonse, iai. Ayenda m'mbali mwa ngalande kufikira atapeza pamene madzi alekezera. Wofufuza magetsi achite chimodzimodzi: ayambe pamalo apafupi ndi osadya ndalama, kenaka asendere patsogolo pang'onopang'ono. Makaniko amene ayamba ndi kung'amba mpando asanayang'ane fyuzi, kapena amene akuuzani kuti mugule batire latsopano asanayese kanthu, ameneyo angoombeza ndi ndalama zanu.

Musanagwire chida chiri chonse, dzifunseni kuti mipando yaleka yonse iwiri kapena umodzi. Ikaleka yonse nthawi imodzi, kawirikawiri mlandu uli pa fyuzi kapena pa waya amene adyetsa yonse iwiri. Ukaleka umodzi, funani pa swichi yake ndi pansi pa mpando womwewo. Kumbukiraninso kuti mipando yambiri igwira nchito pokhapokha kiyi atatembenuzidwa.

Bokosi la mafyuzi likhala pansi pa chiongolero kapena pafupi ndi injini, ndipo pa chivundikiro chake pali mapu osonyeza nchito ya fyuzi iri yonse. Ya mpando imalembedwa SEAT HTR kapena mau ena ofanana nao. Izuleni ndi kuipenya padzuwa. Kachitsulo ka m'kati kakakhala kaduka, fyuziyo yapsa. Ikani ina ya nambala yomweyo. Mitundu ikuthandizani, pakuti yofiira ndi ya 10, yobiriwira ngati thambo ndi ya 15, yachikasu ndi ya 20.

Pano tiimepo pang'ono, chifukwa mpamene anthu ambiri atayira chuma chao. Fyuzi anaipanga dala kuti ikhale yofooka, kuti magetsi akachuluka ife ndiyo, mawaya apulumuke. Fyuzi yatsopano ikapsanso msanga, ikukuuzani kuti penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo, chimene titi shoti. Koma m'misika mwathu muli chizolowezi choipa chomanga fyuzi yakupsa ndi waya wa kopa, kapena kuikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kuika ya 30 pamalo pa ya 15. Inde galimoto iyenda, ndipo mwini wake ayamika mnyamatayo kuti ngwanzeru. Koma tsopano mlonda wachotsedwa pakhomo. Waya amene afunda ali pansi pa siponji, ndipo siponji ikagwira moto iyaka msanga ndi utsi wakupha. Galimoto imene munthu anaisungira ndalama zaka zisanu itha kupsa pa mseu wa ku Nselema madzi asanafike, chifukwa cha kanthu ka mtengo wochepa kuposa wa botolo la petulo.

Fyuzi ikakhala yabwino, weramani ndi tochi pansi pa mpando. Kumeneku ndiko kupezeka zovuta zambiri za kuno kwathu. Timakankhirako jeke, masipanala ndi mabotolo, ndipo zimenezi zizula pulagi. Pokankha mpando kutsogolo ndi kumbuyo waya apanikizika m'njanji zake. Galimoto imene inyamula chimanga kapena igona pafupi ndi nkhokwe ilowa makoswe, ndipo makoswe sasiyanitsa waya ndi chinangwa. Imene inamira m'madzi osefukira, monga a mu Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ikhala ndi dzimbiri lobiriwira pa mano a pulagi.

Chenjezo lalikulu ndi ili: pansi pa mpando mukaona pulagi kapena mawaya achikasu, musawakhudze ndi chida chiri chonse choyesera. Amenewo ndi a thumba la mpweya lotchedwa airbag, limene liphulika pa ngozi kuti liteteze munthu. Mukawapatsa magetsi thumbalo lingathe kukuphulikirani kumaso. Musanazule pulagi iri yonse pansi pa mpando zimitsani kiyi, masulani waya wa batire wa chizindikiro cha kuchotsera, ndi kudikira mphindi zingapo.

Mutazula pulagi ya chotenthetsera, bwezerani waya wa batire, tembenuzani kiyi ndi kuyatsa swichi. Tengani babu la 12 volt lokhala ndi mawaya awiri. Wina akhudze chitsulo chosapaka penti, wina akhudze dzino la pulagi ya mbali yochokera ku galimoto. Babu likayaka, magetsi akufika. Likapanda kuyaka pa mano onse, bwererani m'mbuyo ku relay ndi ku swichi. Amene ali ndi mita yoyesera magetsi aona 12 ndi pang'ono injini iri chete, ndi pafupifupi 14 injini ikulira. Yesaninso ethi: chotsani waya uja pa chitsulo ndi kumuika pa dzino la ethi la pulagi yomweyo. Babu likazima kapena kuchita chizimezime, njira yobwerera ndiyo yaduka kapena yachita dzimbiri.

Zonsezi zikakhala bwino, watsala waya wa m'mpando. Zimitsani kiyi, ikani mita pa ohm, ndi kuyesa mano a pulagi ya mbali ya mpando. Waya wamoyo asonyeza ma ohm owerengeka okha. Mita ikalemba OL, waya waduka. Mnzanu akanikize mpando ndi dzanja apa ndi apo. Nambala zikamadumphadumpha, pamenepo mpamene pathyoka. Chimene chithyola waya ndicho kugwada pa mpando, kuikapo katundu wosongoka, ndi kukhalapo anthu awiri monga tichitira m'galimoto za matola. M'galimoto zambiri waya wa pokhalira ndi wa potsamira ngolumikizana, chotero wina akaduka onse awiri azizira.

Mpando wosafunda suvulaza munthu ku Balaka. Woopsa ndi umene utentha osaleka, kapena utentha kwambiri pamalo amodzi. Woyambawo kachipangizo kake koyesa kutentha kafa, kapena relay yamatirira. Wachiwiriwo waya wake watsala pang'ono kuduka, ndipo moto wonse usonkhana pamenepo. Munthu wabwinobwino asuntha akamva kuotcha, koma khanda, woledzera, wopuwala miyendo, wodwala shuga kapena khate amene khungu lake silimva, angathe kupsa osadziwa. Mpando wotere uzulidwe pulagi tsiku lomwelo, ndi kukulunga pulagiyo ndi tepi. Amene saufuna konse achite chomwecho. Kuzula fyuzi kuthandizanso, koma yambani mwaona ngati fyuziyo sidyetsa zipangizo zina.

Aphunzitsi angathe kupeza masamu abwino pano. Lamulo limene Georg Ohm wa ku Germany analilemba m'chaka cha 1827 liti: gawani ma volt ndi ma ohm, mupeza ma amp. Waya wa 3 ohm pa batire la 12 volt akoka 4 amp, ndipo fyuzi ya 15 ikhala chete. Koma shoti ikachepetsa njira kufika theka la ohm, ana apeze okha kuti ma amp akhala 24, ndi kunena chimene chichitikira fyuziyo. Kuti aone ndi maso, somolani kaulusi kamodzi pa waya wosalala wotsukira mapoto, mukaike pa mbale ya dothi, ndi kukalumikiza ku mabatire awiri a tochi. Kaulusiko kafiira, ndicho chotenthetsera. Kenaka kaduka, ndiyo fyuzi. Chitani zimenezi pabwalo, kutali ndi udzu ndi mabuku, ndipo mawaya agwire mphunzitsi yekha.