Musanalipire nyumba yakale, itanani mmisiri wanu

Nyumba yakale yotsika mtengo imakopa, makamaka ku Ndirande, Chilomoni kapena Area 25 komwe mapuloti ndi osowa. Wogulitsa adzakuuzani kuti ikungofunika penti basi. Musafulumire kutulutsa ndalama. Pezani mmisiri womanga amene inu mukumudziwa, osati wobwera ndi dobadoba, mumulipire kuti aiyendere bwinobwino.

Ngati n'kotheka pitani m'dzinja, mvula itangokata. Siling'i yodontha, chinyezi m'munsi mwa makoma ndi madzi odikha pafupi ndi maziko sizibisika nthawi imeneyi.

Yambani ndi makoma, chifukwa ndi amene amadya ndalama. Timing'alu ta pulasitala sitiopsa. Woopsa ndi mng'alu wotsika ngati masitepe motsatira njerwa, kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, woti n'kulowetsamo ndalama yachitsulo. Pamenepo maziko akutitimira, ndipo kumata simenti pamwamba n'kudzinamiza. Chitseko chokana kutsekeka chimanenanso zomwezo. Mmisiri akande pulasitala pang'ono aone ngati njerwa ndi zootcha kapena zidina, ndiponso ngati anamangira simenti kapena dothi. Mukaona khoma limodzi lokha lapakidwa penti yatsopano, funsani chifukwa chake.

Kenako mmisiriyo akwere kudenga ndi tochi, azibaya matabwa ndi msomali. Chiswe chimadya mkati n'kusiya kunja kukuoneka bwino. Wamagetsi ayeze mawaya, mutsegule mipopi yonse, muvundukulenso sepitiki.

Nyumba ikakhala m'mbali mwa phiri kapena pafupi ndi mtsinje, chezani ndi anthu oyandikana nayo. Zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023 zinaonetsa kuti khoma lolimba silithandiza ngati malowo ndi njira ya madzi.

Mapepala nawo ayendereni. Kafufuzeni ku ofesi ya za malo ngati dzina lili pa title deed ndi la amene akugulitsayo, komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Ya masiye imafunika chilolezo cha onse oyenera kulandira chumacho. Onaninso ngongole za madzi, za ESCOM ndi msonkho wa kukhonsolo.

Pomaliza mmisiri alembe mtengo wa zokonza zonse, ndipo pepala limenelo mupite nalo pokanenerera. Wogulitsa akakana kuti mmisiri wanu alowe, nyumbayo isiyeni.