PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUGULITSA WAILESI NDI MASIPIKA A MASIYE

M'nyumba zambiri za kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa kufikira ku Nsanje, muli katundu amene makolo anabwera naye kuchokera kuntchito. Amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ndi ena amene anagwira ntchito ku Bulawayo, pobwera kwawo ankanyamula galamafoni, wailesi ndi masipika a mabokosi a matabwa. Eni ake ambiri anamwalira, ndipo ana awo, njala ikavuta kapena fizi ikasowa, amaganiza zogulitsa. Kugulitsako si kulakwa ayi. Koma wogulitsa mofulumira amataya ndalama, ndipo nthawi zina amataya ndi chibale chomwe.

Katunduyo ngwa yani?

Ili ndilo funso loyamba. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 1967 linathetsedwa. Limene likugwira ntchito ndi la chaka cha 2011, ndipo likunena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wa m'nyumba atsale ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Chifukwa chake mwana kapena mphwake wa malemu asanyamule wailesi yekha kunka nayo kumsika wa ku Nchalo kapena ku Bangula. Ayambe wakhala pansi ndi amayi ndi abale onse. Akalephera kumvana, apite kwa Amfumu kapena ku ofesi ya Bwana D.C.

Kudziwa chimene munthu ali nacho

Si chakale chilichonse chimene chili ndi mtengo. Mwini ayang'ane kumbuyo kwa bokosi, pamene pamakhala dzina la opanga ndi nambala. Mawailesi a Supersonic ankapangidwa ku Bulawayo, ndipo a Nzeru ku Blantyre. Amenewa anali ochuluka, choncho mtengo wake sukwera kwambiri. Masipika a ku England monga Tannoy, Goodmans ndi Wharfedale amafunidwa ndi anthu osunga zinthu zakale. Palinso kawailesi kobiriwira ngati thambo kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kamene kampani ya Ever Ready inatulutsa m'chaka cha 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, kuti anthu a m'midzi azimva Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Kameneka nkosowa tsopano.

Kuyesa sipika

M'kati mwa sipika muli maginito, waya wamkuwa wopyapyala wokulungakulunga, ndi pepala lolimba looneka ngati fanulo. Mphamvu ikadutsa m'wayamo pepala limanjenjemera, ndipo mawu amatuluka. Poyesa, munthu atenge batire limodzi la tochi, la mavoti 1.5, nagunditse mawaya awiri a sipika kunsonga zake kanthawi kochepa. Sipika yamoyo imalira kuti "tho", pepala nkusuntha. Ikakhala chete, ndiye kuti waya anaduka penapake. Sipika asailumikize konse ku magetsi a m'khoma, chifukwa imapsa pomwepo ndipo munthu akhoza kufa. Wailesi imene yakhala zaka zambiri osalira ayambe waionetsa kwa mmisiri asanaiyatse.

Adani a katunduyu

Kuchigwa kuno adani ndi kutentha, chinyezi, chiswe, mphemvu ndi makoswe. Madzi osefukira a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anaononga katundu wambiri wa m'nyumba. Pepala la sipika likanyowa limapindika, ndipo mawu amasasa. Tsono masipika akhale pathandala, pamthunzi, ataphimbidwa ndi nsalu youma. Ngati analowapo madzi, mwini amuuze wogula zoona.

Pofika pogulitsa

Choyamba, masipika awiri ofanana asawalekanitse, pakuti ogula amafuna onse pamodzi. Chachiwiri, bokosi asalipake penti kapena kumatula chizindikiro chake. Kulipukuta fumbi nkokwanira. Chachitatu, asapereke kwa ogula zitsulo zakutha, amene amangoyeza pa sikelo nkuphwanya bokosi kuti achotse maginito ndi mkuwa. Chachinayi, asavomere mtengo wa munthu woyamba. Afunse kwa amisiri awiri kapena atatu, ajambulenso chithunzi cha dzina ndi nambala pa foni, atumize kwa mbale wa ku Blantyre kuti akafufuze. Chachisanu, katundu asachoke pakhomo ndalama zisanaperekedwe zonse, ndipo kalata ilembedwe pamaso pa mboni, yonena mtengo ndi tsiku.

Pomaliza, banja liganize bwino ngati kugulitsako nkofunikadi. Ndalama zimatha pa mwezi umodzi, koma wailesi imene bambo anaivutikira pansi pa mgodi ikapita siibweranso. Ngati onse avomera kugulitsa, ndalamazo ziwerengedwe poyera, amayi amasiye ali pomwepo.

Mafunso okambirana

1. Kodi lamulo la 2011 likuti katundu wa m'nyumba atsale ndi yani?
2. Kodi sipika imayesedwa bwanji ndi batire la tochi?
3. Nchifukwa ninji si bwino kugulitsa sipika kwa ogula zitsulo?