Mwana Aphunzire ndi Manja Ake

Makolo ndi aphunzitsi a m'midzi ya Utale, phunziro la mwezi uno linena za ana athu. Kawirikawiri tikaona mwana alikupinda waya kuti apange galimoto, kapena alikumasula wailesi yakufa, timkalipira kuti alikutaya nthawi. Koma tiyambe taganiza bwino, kuti tingazime moto umene ukadatiphikira nsima mawa.

Chiyambire 1908, pamene Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Utale, ana ambiri aphunzira kuwerenga ndi kulemba kuno, ndipo ichi n'chokoma ndithu. Koma sayansi, ndiyo nzeru ya kudziwa machitidwe a mvula, mbewu, moto ndi magetsi, siilowa mwa kuloweza pamtima kokha. Chimene mwana wachigwira, nachiyesa, nalephera, nachiyesanso, ndicho chikhazikika mwa iye.

1. Mnyamata wa ku Wimbe

Tamvani za William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anabadwa mu 1987. Ali wamng'ono ankamasula mawailesi kuti aone chimene chilankhula m'katimo. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake anasowa ndalama, ndipo anasiya sukulu ya sekondale. Koma sanakhale chabe. Ankapita kokabwereka mabuku, napeza buku lotchedwa Using Energy, m'mene munali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chinamvuta, koma zithunzi anazimvetsa. Tsono anatola fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi njinga yakale ya atate ake, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, namangapo dayinamo ya njinga. Anthu anamseka, nati wachita misala. Koma mphepo itawomba mapiko anazungulira, ndipo babu linayaka pamaso pa onse. Mu 2007 anakafotokoza ntchito yake pa msonkhano waukulu ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America.

2. Chimene chili m'kati mwa dayinamo

Mu dayinamo mulibe matsenga. Muli maginito, chitsulo chija chokoka zitsulo zinzake, ndi waya wa mkuwa wokulungakulunga. Maginito akazungulira pafupi ndi wayayo, magetsi ayamba kuyenda m'wayamo; akazungulira msanga, nyali iwala kwambiri. Anatulukira ichi mu 1831 ndiye Michael Faraday wa ku England, mwana wa wosula zitsulo, amene anayamba kuphunzira powerenga mabuku amene anapatsidwa kuti awasoke. Makina a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, atsata lamulo lomweli, koma iwo azungulira ndi madzi. Chotero mwana amene wamvetsa nyali ya njinga wayamba kale kumvetsa magetsi a dziko lonse.

3. Zoyesa zitatu zosalira ndalama

Choyamba, kuyesa mvula. Tengani chitini choongoka m'mbali, chofanana kukamwa ndi pansi, nimuchiike pabwalo, kutali ndi mtengo ndi denga. M'mawa uliwonse mwana ayese kuya kwa madziwo ndi rula, alembe mamilimita ndi tsiku lake, nataye madziwo. Kuno kwathu ku Balaka, kumene dzuwa liwamba ndipo mvula ivuta zaka zambiri, kabuku kotere kathandiza banja kudziwa ngati yagwa mvula yokwanira kubzalira, kapena yongonyenga.

Chachiwiri, kumera kwa mbewu. Bzalani chimanga m'zitini zitatu za dothi louma. China muchithirire ndi kuchiika padzuwa. China muchithirire ndi kuchiika mumdima. China musachithirire konse. Musamuuze mwana chimene chidzachitika, koma mumfunse maganizo ake poyamba. Pakapita masabata awiri adzaona yekha kuti chopanda madzi sichinamere, ndipo cha mumdima chamera chachitali, chachikasu ndi chofooka, pakuti tsamba lipanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa.

Chachitatu, mthunzi. Zikani ndodo pabwalo, ndipo ora lililonse mwana aike mwala pamene pathera mthunzi. Adzaona kuti m'mawa mthunzi uloza kumadzulo, masana ufupika, ndipo dzuwa likapendeka uloza kum'mawa. Pamenepo wapanga wotchi yakeyake.

4. Mawu kwa akulu

Mwana akakufunsani chimene simuchidziwa, musachite manyazi, ndipo musamuopseze. Nenani, "Tiye tikayese pamodzi." Akalephera musamseke, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasiye atsikana kumtondo pamene anyamata alikuyesa zinthu. Nzeru siisankha mwamuna kapena mkazi. Koma chenjerani: mwana asakhudze mawaya a magetsi a m'nyumba kapena a pamitengo ya m'misewu, chifukwa apha nthawi yomweyo, asatsegule batire la galimoto, chifukwa madzi ake awotcha khungu ndi maso, ndipo asakatole zitsulo pa njanji. Mabatire a tochi ndi dayinamo ya njinga zimkwanira.

M'mera mpoyamba. Amene adzakonza mijigo yathu ndi kukweza madzi a m'Rivirivi kunka kuminda, lero alikusewera ndi waya pakhonde panu.

Mafunso okambirana

1. Kodi William anaphunzira chiyani pomasula mawailesi?
2. N'chiyani chichititsa nyali ya njinga kuwala kwambiri munthu akapalasa msanga?
3. Mwa zoyesa zitatuzi, mudzayamba ndi chiti sabata ino, ndipo ndi mwana uti?