Kuyeza ana a mkombaphala ku Mulanje: ntchito imaonongekera pamkeka

Mabungwe ndi masukulu aukachenjede akafuna kudziwa momwe ana a m'sukulu za mmera mpoyamba akukulira, amalemba achinyamata ganyu wa milungu ingapo, kuwapatsa tabuleti, n'kuwatumiza kwa Mabuka, kwa Nkanda kapena kwa Njema. Ganyuyo ngwabwino, koma ambiri amabwerako ndi zotsatira zabodza, chonsecho sananame dala.

Zokonzekera n'zodziwika: kalata yoti kafukufukuyo adavomerezedwa ndi komiti monga COMREC, kudzera ku ofesi ya Social Welfare pa boma, kenako kwa mfumu ndi komiti ya sukuluyo. Wolumpha mfumu adzaziona yekha. Mtengo wa kabaza wochokera pa Chitakale kulowa kumidzi umasintha kutengera matope ndi mtengo wa petulo, choncho wofufuza afunsiretu ngati ndalama ya mayendedwe ili payokha kapena ili m'malipiro momwemo. Mndandanda wa ana wakalekale asaukhulupirire. Paja namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 adasamutsa mabanja ambiri kuno.

Chilolezo sichitengedwa kwa aliyense wopezeka pakhomo. Nyengo ya dzinja, tiyi akachuluka, amayi ambiri amalawirira ku esiteti ndipo mwana amatsala ndi mkulu wake wa zaka 12. Ameneyo sangadinde chala. Wofufuza abwerenso madzulo, kapena apeze wamkulu amene akulera mwanayo, kaya ndi agogo kaya amalume.

Vuto lenileni lili pamkeka. Mwana wa zaka 4 wachotsedwa pakati pa anzake, wakhazikidwa pamaso pa mlendo wa chikwama. Mlendoyo wayatsa tabuleti: "Dzina lako ndani?" Mwana waweramitsa mutu, akukanda pansi ndi chala chakuphazi. Wofufuza wadikira pang'ono, wadina kuti walephera. Pamenepo ntchito yafa. Mwanayo kwawo adamuphunzitsa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso ndipo mwana sabwebweta pali alendo. Mwinanso akaputa amamuopseza kuti kubwera anthu a jakisoni, ndiye lero awo afika. Cholowa mu tabuleti ndi mantha ake, koma lipoti lidzati ana a kuno ngotsalira poyankhula.

Tabuleti iyambe yakhala m'chikwama. Wofufuza akhale pansi, chapambali pa mwana osati maso ndi maso, aziyamba wacheza ndi mlezi. Agubuduze mpira wachikulunga, aunjike zitsekerero za mabotolo n'kuzigwetsa. Mphindi 15 kapena 20 zipite choncho. Asafunse funso ngakhale limodzi mwana asanagwire choseweretsa mwa kufuna kwake. Ndipo asayeze mwana phala lisanamwedwe, maso ake ali kumphika. Woyang'anira amene amangoti "fulumirani, lero ana khumi" amakhala atawerengera ali muofesi ku Blantyre. Ndi bwino kumuuza zoona madzulo kusiyana n'kumudzazira mafomu opanda kanthu.

Chida chotchedwa MDAT, chimene Melissa Gladstone ndi anzake adachipangira kuno ku Malawi n'kuchisindikiza mu 2010, chidabadwa chifukwa zoyezera za kunja zinkafunsa zinthu zimene mwana wakumudzi sakumana nazo. Chimaona kagwiritsidwe ntchito ka thupi lonse, ka zala, chiyankhulo ndi kukhala ndi anthu. Komabe mafunso ake sathandiza kanthu ngati mwana wauma ndi mantha.

Kulakwa kwina n'kwa chifundo. Mlezi, poopa kuti sukulu yake ichita manyazi, amalowerera: "Yankha iwe, si tinaphunzira dzulo?" Auzidwe mwaulemu nthawi isanakwane: "Amayi, muzingomuyang'ana, pano sitikulemba mayeso." Wofufuzanso asasinthe funso kuti lipepuke, asaloze yankho ndi maso, asalonjeze maswiti. Cha ku Limbuli ndi Muloza, mwana woleredwa ndi agogo akhoza kutchula chinthu m'Chilomwe. Yankholo lilembedwe momwe lanenedwera, mlezi afunsidwe pambuyo, woyang'anira adziwitsidwe. Lisathamangiridwe kuti ndi lolakwa.

Mwana akakaniratu, kapena akayamba kulira, asiyidwe, ndipo fomu inene kuti wakana. Kukana ndi kulephera zili ndi malo osiyana pafomu, ndipo waulesi amene amaziphatikiza amaononga ntchito ya gulu lonse. Wakana, alembe wakana.

Asananyamuke pamudzi, wofufuza aonenso fomu iliyonse, makamaka tsiku lobadwa, lomwe ayenera kulitsimikiza m'buku la kusikelo osati pakamwa, chifukwa kusiyana kwa miyezi itatu kumasintha zotsatira. Netiweki ikavuta mbali za phiri, mafomu akawatumizire pa boma tsiku lomwelo. Zithunzi za ana zisapezeke mufoni yake, ngakhale pa gulu la WhatsApp la anzake a ganyu.